Nthiti za nkhumba sizifuna phuma

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha anthu ena asanandiululire. Tsiku loyamba limene apongozi anga aamuna anadzadya kunyumba kwathu, ndinawapatsa nyama imene sanathe kuitafuna. Iwo anali atanyamuka m'mamawa kuchokera ku Dedza, ndipo ine ndinali nditawauza mayi akunyumba kuti za ndiwo asavutike nazo, ndiwotcha nthiti za nkhumba ngati zija timaziona pa TikTok, zija munthu amangosolola fupa n'kutuluka loyera ngati lachita kutsukidwa. Ndinakoleza mbaula moto wosaseweretsa, waya pamwamba, nthiti pawayapo. Pasanathe mphindi 40 kunja kwake kunali kutafiira bwino, fungo lili ponseponse mumpanda. Ndinadzimva kuti ndine munthu.

Patebulo zinthu zinatembenuka. Madala analuma kamodzi, n'kukoka, n'kupotoza khosi, nyama osachoka pafupa. Anaibweza m'mbale mwaulemu, n'kupukuta manja, amvekere: "Yakoma ndithu, bambo. Kungoti imeneyi ikufuna mano a anyamata." Nsima yawo anamalizira mpiru wotendera. Alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, sanadikire n'komwe kuti tisambe m'manja. "Alamu, mwatiwotchera nthiti kapena lamba wa thalauza?" Mpaka lero pagulu la WhatsApp la banja ine ndimatchedwa a Lamba.

Kuseka ndinaseka nawo, koma mumtima munandiwawa. Munthu wamkulu wayenda ulendo wonsewo kudzaona kumene mwana wake akukhala, n'kubwerera atadya nsima ya masamba pamene nyama ili patebulo. Komanso tisanamizane, makilogalamu awiri a nthiti masiku ano si ndalama yoti n'kukaponyera galu. Ndiye nkhaniyi ndinaitenga ngati mlandu. Ndinatha mabandulo angapo ndikuonera mavidiyo, ndinawononganso nthiti zina kawiri konse, ndipo zimene ndikulemba panozi ndi zimene zinatsala nditapeta mankhusu.

Cholakwa changa chinali chakuti ndinatenga nthiti ngati kanyenya. Kanyenya ndi timinofu ting'onoting'ono, moto waukali umatipsetsa msanga, mwathira mchere ndi tsabola, basi mwadya. Nthiti ndi nyama ina. Mnofu wake ndi wolukana ndi timitsempha toyera tolimba timene asayansi amatitcha collagen. Timeneti mukatipatsa moto waukali timakhwinyata n'kufinya madzi a m'nyama, n'chifukwa chake mumapeza kunja kwapserera koma m'kati muli gwa. Mukatipatsa kutentha kochepa kwa maola angapo, timasungunuka pang'onopang'ono, nyama n'kumasuka. Ngati izi zikumveka ngati za m'kalasi, kumbukirani mang'ina. Ndani anaphikapo mang'ina mphindi 40? Amaterekedwa m'mawa, amabwata mwakachetechete mpaka masana, ndipo msuzi wake umamata milomo, ukazizira umachita kugwirana. Chomata chimenecho ndi collagen yemweyo atasungunuka. Ntchito yathu pano ndi kuchita zimene mphika wa mang'ina umachita, kungoti m'malo mwa madzi tikugwiritsa ntchito mpweya wotentha ndi utsi.

Kawotchedwe kameneka kanakhwimira kum'mwera kwa dziko la America, kumene kalekale ankawotcha nkhumba yathunthu pamwamba pa dzenje la makala usiku wonse. Amene ankachezera padzenjepo kawirikawiri anali akapolo achikuda, ndipo ukapolo utatha mu 1865 luso limenelo linatsalira ana ndi adzukulu awo. Lero mizinda yakumeneko imapikisana. Ku Memphis, komwe kuyambira 1978 kumachitika mpikisano waukulu wowotcha nkhumba m'mwezi wa Meyi, amadziwika ndi nthiti zouma kunja, zongowazidwa zokometsera. Ku Kansas City amapaka sosi wa tomato wolemera komanso wotsekemera, ndipo nthiti zambiri zimene zimanyezimira pafoni panupo ndi za mtundu umenewo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi mukamaonera mavidiyo awo. Akati 225 kapena 250, akunena madigiri a Fahrenheit. Mu Celsius, imene timagwiritsa ntchito kunoku, amenewo ndi madigiri 107 mpaka 121 basi, kungopitirira pang'ono pamene madzi amawira. Mnzanga wina anamva 250 n'kukatchera uvuni wake pa 250 yathuyi. Zimene anatulutsa sindingazitchule nyama.

Nkhondo imayambira kubutchala. Ogulitsa nyama ambiri anazolowera kuti aliyense akukaphika mumphika, ndiye musanamalize kulankhula chikwanje chatera kale, nthiti zasanduka tizidutswa todzaza zibenthu za mafupa. Nenani msanga: "Achimwene, musadule, mundipatse mbali yonse mmene ililimo." Adzakuyang'anani modabwa, mwinanso kukufunsani kuti, "Abwana, ndiye mukaphika bwanji?" Inu ingosekani. Mbali imodzi imakhala ndi mafupa 10 mpaka 13, ndipo imakwana anthu awiri kapena atatu ngati pali nsima kapena chipisi pambali. Nthiti zilipo za mitundu iwiri. Za kufupi ndi msana n'zazifupi, zopindika, zamafuta ochepa, zimene m'mavidiyo amazitcha baby back, ngakhale kuti sizichokera ku kamwana ka nkhumba ayi. Za kumunsi, cha kumimba, n'zazitali, zaphanthiphanthi, zamafuta ambiri, ndipo amazitcha spare ribs. Kwa wophunzira ine ndimati tengani za kumimbazi. Mafuta ake amakukhululukirani moto ukakupulumukani pang'ono. Onetsetsaninso kuti pamwamba pa mafupa pali mnofu wooneka, chifukwa ena amasenga mnofu wonse kukagulitsa padera, inu n'kukupatsani mafupa ovala malaya.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Gulani nyama imene yapimidwa ndi achipatala cha ziweto, osati ya nkhumba imene yaphedwa kuseri kwa nyumba chifukwa inayamba kudwala. Ndipo yang'anani mnofuwo ndi maso anu. Mukaona timatuza toyera tonga njere za mpunga m'kati mwa mnofu, isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo motani. Timeneto ndi tiana ta njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakula m'matumbo mwake, ndipo mazira ake amatuluka m'chimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'zakudya, timatuza tija tikhoza kukamera mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Bungwe la WHO limati m'madera ambiri kumene nkhumba zimangoyendayenda pakati pa anthu, njoka imeneyi ndi imene imayambitsa khunyu mwa anthu 30 pa 100 alionse odwala matendawa. Ubwino wa kawotchedwe kathuka ndi wakuti nyama imapsa mpaka pafupa. Koma zimenezo zisakupatseni chilolezo chogula nyama yokayikitsa.

Tsopano chowotchera. Mbaula wamba yokhala ndi waya pamwamba siingathe ntchito imeneyi, chifukwa nyama imakhala pamwamba penipeni pa moto ndipo kutentha kumangothawira kumwamba. Pamafunika zinthu ziwiri: chivindikiro, ndi malo okwanira kuti makala akhale mbali imodzi, nyama mbali ina. Ine changa ndi mgolo wachitsulo wodulidwa pakati chamtalimtali, umene anyamata owotcherera zitsulo anandiikira mahinjesi, miyendo, ndi timabowo, tina kumunsi mbali ya makala, tina pachivindikiro mbali ya nyama. Musadzione otsalira ndi mgolo. Chowotchera chozungulira cha Weber, chimene chimaoneka m'mavidiyo ambiri, chinayamba mu 1952 pamene George Stephen wa ku Chicago anadula pakati chimpira chachitsulo choyandama panyanja chimene kampani yawo inkapanga, n'kuchiikira miyendo ndi chivindikiro. Nzeru yake ndi yomweyi ya mgolo. Chofunika n'kudziwa chimene chinali mumgolomo. Wa mankhwala a kumunda kapena a kufakitale usiyeni. Wina uliwonse uyambe wawotchedwa wopanda nyama ndi moto waukulu mpaka utoto ndi fungo zithe, kenako utsukidwe. Wayanso akhale chitsulo chosapakidwa kanthu, osati mashelefu a firiji yakale okutidwa ndi pulasitiki.

Madzulo a tsiku loti mawa muwotcha, kapena m'mawa wake ngati mwaiwala, tembenuzani nthiti kuti mbali ya mafupa iyang'ane kumwamba. Muona kachikopa kopyapyala konyezimira kataphimba mafupa onse. Kameneka sikafewa ngakhale mutawotcha mpaka mawa, ndipo kamatsekereza zokometsera. Lowetsani chogwirira cha supuni pansi pake pafupa limodzi la pakati, katukuleni pang'ono, kenako kagwireni ndi kansalu kouma chifukwa n'koterera, n'kukoka. Tsiku labwino kamachoka konse kamodzi ngati mukumatula sitika. Tsiku loipa kamang'ambikang'ambika, mumatha mphindi khumi mukung'ung'udza. Kakakanitsitsa, ingokachekani mizeremizere ndi mpeni, moyo upitirire.

Zokometsera sizifuna kuti mukagule kabotolo kodula kolembedwa Chingerezi. Pa mbali imodzi ya kilogalamu ndi theka ine ndimasakaniza masupuni aakulu awiri a shuga wabulawuni, supuni yaikulu imodzi ya paprika, masupuni aang'ono awiri osadzaza kwambiri a mchere, supuni yaing'ono ya tsabola wakuda, ndi adyo wosinja bwino. Kambuzi wouma ndimaika wa kunsonga kwa supuni ngati kudzadya akuluakulu kapena ana, okonda moto adzadziwonjezera okha patebulo. Pakani mbali zonse ziwiri, kutikita ndi manja, n'kuziika mufiriji zitavindikiridwa. Mchere ukakhala usiku wonse umalowa mpaka m'kati. Ngati magetsi akuvuta ndipo firiji simukuikhulupirira, gulani nyama m'mawa womwewo, pakani, ikhale theka la ola pamene mukukonza moto, basi zakwana.

Moto ndi pamene ambiri timagwera, chifukwa tinakula tikudziwa kuti moto wabwino ndi waukulu. Apa ayi. Thirani makala osayatsa kumbali imodzi ya mgolo, mulu wa ngati mbale ziwiri za nsima. Yatsani makala ena odzaza manja awiri pambaula yapadera, ndipo akayera phulusa muwathire kumapeto amodzi a mulu uja. Motowo uziyenda wokha pang'onopang'ono kuchokera ku khala lina kupita ku linzake, m'malo moyaka onse nthawi imodzi. Chonde, za kuyatsira jumbo kapena palafini ziiwaleni tsiku limeneli. Fungo lake limakakamira m'nyama, ndipo mu mgolo wotseka lilibe kothawira. Mbali imene mulibe makala ikani chitini kapena mbale yakale yachitsulo yokhala ndi madzi, pansi penipeni pa malo a nyama. Madziwo amathandiza kuti kutentha kusamakwere ndi kutsika mwadzidzidzi, komanso amawakha mafuta odontha.

Ngati muli ndi kachipangizo koyezera kutentha, funani madigiri 110 mpaka 120 pawaya pamene pakhale nyama. Ngati mulibe, dzanja lanu likuthandizani. Liikeni pamwamba pa waya mbali ya nyamayo n'kuwerenga. Mukalichotsa musanafike pa 5, moto wachuluka. Mukafika cha pa 10 musanamve kuwawa, muli panjira. Kuchepetsa moto si kuthira madzi, ndi kuchepetsa mpweya. Tsekani ena mwa mabowo a kumunsi ndi kachitsulo kapena mwala, moto ufatsa. Mukawatsegula, udzuka. Mabowo a pachivindikiro asatsekedwe onse, utsi uzikhala ndi potulukira. Makala athu a mitengo amayaka msanga komanso mwaukali kuposa aja oumba, ndiye muziwonjezera ochepa pakatha mphindi 45 kapena ola. Ine ndinasamukira ku makala oumba ndi ovomerezeka ndi boma, poyamba chifukwa choti mapiri akwathu ameteka tikuona, kenako ndinapeza kuti oumbawo ndi amenenso amagwira moto wofatsa nthawi yaitali.

Utsi ndi umene umasiyanitsa nthiti izi ndi za mu uvuni. Ponyani pamakala kachidutswa kamodzi kapena tiwiri ta nkhuni youma ya mtengo wa zipatso, kukula kwake ngati chibakera cha mwana. Mango, gwafa, lalanje, pichesi, zonsezi zimachita bwino. Zitsononkho zouma nazonso zimapereka utsi wokoma, kungoti zimatha msanga. Paini ayi, utomoni wake umawawitsa nyama. Matabwa opentedwa kapena othiridwa mankhwala a chiswe ndiye musayerekeze. Utsi wabwino ndi wopyapyala, wooneka mobiriwira pang'ono, woti mnansi wanu azingomva fungo osauona. Ukamatuluka woyera wochindikala ngati mukuwotcha zinyalala, moto ukubanika, upatseni mpweya. Ndipo utsi ndi wa maola awiri oyambirira okha. Kupitirira apo nyama imayamba kumveka ngati mwanyambita denga la khitchini yakumudzi.

Ikani nthiti mbali yopanda makala, mafupa pansi, mnofu kumwamba, tsekani, chokanipo. Mawu akuti chokanipo ndi amene anandivuta kwambiri. Mtima umafuna kusuzumira mphindi zisanu zilizonse, kutembenuza, kubaya ndi foloko, kujambula kuti a pa status adziwe kuti kwanu kukuchitika zinthu. Mukatsegula, kutentha kumene mwakusonkhanitsa kumathawa, ndipo makala amalandira mpweya wambiri n'kulusa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanatiuze chochita ndi manja pamene tikudekhapo. Ine ndimatchera alamu pafoni, n'kukachapa galimoto ya eni nyumba kapena kukasewera bawo. Alamu ikalira ndimakawonjezera makala, kuona madzi m'chitini, kuwaza nyama ndi madzi osakaniza ndi viniga pang'ono ngati m'mphepete mukuoneka kuuma, n'kutsekanso msanga.

M'mavidiyo mudzamva kwambiri za 3-2-1. Akutanthauza maola atatu pa utsi, maola awiri nthiti zitakulungidwa m'pepala la foyilo, ndi ola limodzi zitatsegulidwanso. Njirayi inapangidwira nthiti zikuluzikulu za nkhumba zonenepa za kumafamu a ku America. Nthiti zimene ndimapeza kubutchala yakwathu n'zocheperapo, ndipo nditatsatira 3-2-1 ndendende ulendo wachiwiri zinachita kuphwanyika ngati nyama ya m'chitini, fupa kumangogwa lokha. Anthu ena amazikonda choncho, ine ayi, ndipo ngakhale oweruza a mipikisano ya ku America amati nyama yongogwa pafupa yapsa mopitirira. Amafuna yoti ukaluma ichoke mosavuta koma pasiyike chizindikiro cha mano. Panopa ndimachita maola awiri ndi theka pa utsi, ola limodzi kapena limodzi ndi theka m'foyilo, ndi theka la ola pomaliza. Zonse pamodzi ndi maola anayi kapena anayi ndi theka. Ngati alendo adya 1 koloko masana, moto uyake 7 koloko m'mawa, osati mutabwera kutchalitchi.

Nthawi yokulunga imadziwika ndi maonekedwe. Kunja kukhale kofiira moderako, ndipo mukakhudza ndi chala zokometsera zisamatirire kuchala. Yalani mapepala awiri a foyilo, chifukwa limodzi mafupa amaliboola. Thiranipo masupuni atatu kapena anayi a juwisi wa maapozi kapena wa chinanazi, kaya madzi a viniga omwe aja, kabatala pang'ono ndi uchi ngati ulipo. Gonekani nthiti mnofu pansi, kulungani mothina, bwezerani pamalo pomwe paja. M'kati mwa foyilomo nthunzi imagwira ntchito ya mphika wa mang'ina ija, ndipo apa ndi pamene nyama imafewa kwenikweni. Apanso ndi pamene imaonongekera mukaiwala, ndiye pakatha ola tsegulani pang'ono muone. Samalani nthunzi, imawotcha.

Sosi amabwera kumapeto, ndipo ichi n'chifukwa china chimene nthiti zanga zoyamba zinadera kunja zisanapse m'kati. Shuga amapserera msanga. Mukapaka sosi poyamba, pofika nthawi yoti nyama yapsa kunja kwasanduka phula wowawa. Wanga ndimapanga m'kapoto pamene nthiti zili m'foyilo: kapu imodzi ya tomato sosi wa m'botolo, masupuni aakulu atatu a viniga, awiri a shuga wabulawuni kapena uchi, anyezi wokazinga mpaka kufewa, adyo, ndi madontho a Nali malinga ndi kulimba mtima kwa odya. Zibwate pang'onopang'ono mphindi khumi. Lawani. Akatsekemera kwambiri onjezerani viniga kapena mandimu, chifukwa nyama yamafuta imafuna kowawasa koti kaidule. Mukatulutsa nthiti m'foyilo, madzi otsalamo musataye, athireni mu sosi. Bwezerani nthiti pawaya mnofu kumwamba, pakani sosi mopyapyala, tsekani mphindi 15, pakaninso kachiwiri, tsekani mphindi zina 10 kapena 15 mpaka sosi agwire, azinyezimira koma osayenderera.

Mudziwa bwanji kuti zapsa? Wotchi imangokupatsani chithunzi, yankho lili pa nyama. Mnofu umakhala utabwerera m'mbuyo kunsonga za mafupa, mafupawo n'kuonekera pafupifupi sentimita imodzi. Mukanyamula mbali yonse chapakati ndi chopanira, imawerama ngati uta ndipo pamwamba pamayamba kung'aluka. Kamtengo kotokosera m'mano kakalowa pakati pa mafupa mosakakamiza, zatheka. Amene muli ndi choyezera, m'kati mwa mnofu mukhale madigiri 90 mpaka 95. Nyama ya nkhumba imakhala yosaopsa kudya kale isanafike pamenepo, koma kufewa kumabwera cha pamenepa. Zikapsa zichotseni, zipume mphindi 10 kapena 15 zitaphimbidwa mosathina. Podula zitembenuzeni mafupa ayang'ane kumwamba kuti muziona podutsa mpeni.

Mukadula mudzaona kamzere kofiirira m'mphepete mwa mnofu, pansi penipeni pa khungu lakunja. Achenjezeni alendo asanakufunseni, chifukwa kwathu kuno nyama ya nkhumba yofiira ndi chinthu choopsa, ndipo anthu akulondola kuiopa. Kamzere kameneka si magazi ayi. Kamabwera chifukwa mpweya wa mu utsi umagwirana ndi chimene chimapatsa nyama mtundu wofiira n'kuchiletsa kusintha. Nyama yosapsa imafiira pakati, pafupi ndi fupa, ndipo imakhala yolimba. Iyi yafiira kunja, pakati payera, ndipo ikufewa.

Kwa amene mukukhala m'nyumba ya lendi yopanda bwalo lokwana mgolo, njira ilipo ngakhale siifika penipeni. Ikani nthiti zopaka kale mumphika wolemera wokhala ndi chivindikiro chothina, madzi theka la kapu basi, pamoto wochepetsetsa kwa ola ndi theka kapena awiri, kenako mumalizire pawaya pambaula ya makala ofatsa mukupaka sosi ndi kutembenuza. Chimene ndimakana ndi kuwiritsa nthiti m'madzi odzaza mphika ngati chinangwa. Zimafewa inde, koma kukoma konse kumatsalira m'madzi amene mukataye kubafa. Ndipo mvula ikakupezani, sunthirani mbaula kapena mgolo pakhonde lotseguka, osati m'nyumba. Mpweya wa makala sununkha, suoneka, koma umapha anthu m'chipinda chotseka.

Chinanso, musanaitane anthu funsani. Pakati pa anzathu ndi abale pali Asilamu, a Seventh Day, ndi ena amene nkhumba sadya pa zifukwa zawo. Si ulemu kuwawotchera nkhuku pawaya womwewo umene wanona mafuta a nkhumba n'kukhala chete. Ine ndili ndi waya wachiwiri ndi mbaula yake, chopanira chakenso, ndipo ndimawauza poyera kuti adye ndi mtima umodzi.

Apongozi anabweranso miyezi ingapo yapitayi, ulendo uno ndi amayi omwe. Ndinadzuka 6 koloko, moto unayaka isanakwane 7, ndipo alamu anga anafika msanga dala kuti adzaonerere tsoka. Anakhala pampando pafupi ndi mgolo akundifunsa mphindi iliyonse ngati moto sunazime, poti samaona malawi. Nthiti zinatuluka itangopitirira 12 koloko. Pambali panali nsima, kabichi wosaphika wothira mandimu, ndi mbatata zimene ndinakwirira m'phulusa ola lomaliza. Ndinawaikira madala mafupa atatu apakati, amene amakhala ndi mnofu wambiri, ine n'kukhala chapatali ngati ndikufuna chinachake m'kabati. Analuma, nyama inachoka, anatafuna osalankhula. Anatenga lachiwiri. Atafika pa lachitatu anaitana mwana wawo n'kumunong'oneza, iye n'kubwera kukhitchini akuseka: akuti ngati zatsalako, muwakulungire m'pepala lonyezimira lija akadyere kunyumba mawa. Zinali zitatsala nthiti zinayi, zimene alamu anali ataziyang'anitsitsa kale. Ndinazikulunga iwo akuona. Dzina lija pagulu la WhatsApp sanasinthebe.